Robert Good: dokotala amene anapatsa khanda chitetezo cha mlongo wake

Mwana akaikidwa mafuta a m'mafupa ochokera kwa munthu wina, miyezi yoyambirira imakhala yoopsa kwambiri. Chitetezo chake chakale chimakhala chitafafanizidwa ndi mankhwala, chatsopano chisanakhwime, moti mavairasi amene sangagwetse mwana wathanzi angathe kumupha. Lero madokotala ena amathana ndi vutoli pomupatsa maselo otchedwa T ochokera kwa munthu wina, okonzedwa kuti azisaka mavairasiwo. Gwero la nzeru imeneyi likupezeka pa ntchito ya malemu Dr Robert Good a ku America.

A Good anabadwa pa 21 Meyi 1922 ku Crosby, m'chigawo cha Minnesota. Bambo awo anamwalira ndi khansa iwo akadali mwana. Ali pa Yunivesite ya Minnesota anadwala matenda ofanana ndi poliyo amene anafoola miyendo yawo, ndipo ngakhale anadzayambanso kuyenda, anatsimphina moyo wawo wonse. Mu 1947 anamaliza maphunziro a udokotala n'kusankha kusamalira ana.

M'chipatala ankakumana ndi ana amene matenda sankawasiya chifukwa anabadwa ndi chitetezo chopunguka. Anawo ndiwo anawapatsa funso limene anagwirirapo ntchito zaka zambiri: kodi chitetezo cha m'thupi chimachokera kuti? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anathandiza kutsimikiza kuti kachiwalo ka m'chifuwa kotchedwa thymus n'kofunika kwambiri pa chitetezo. Mu 1965, pamodzi ndi Max Cooper ndi Raymond Peterson, anaonetsa pofufuza nkhuku kuti maselo oteteza thupi ali m'magulu awiri. Lero maguluwa amatchedwa T ndi B.

Mu 1968 kunabwera khanda lamwamuna la miyezi 5 lobadwa lopanda chitetezo, matenda amene anali atapha kale ana aamuna 11 pamtundu wake. A Good ndi anzawo anayeza abale ake n'kupeza kuti maselo a mlongo wake akugwirizana ndi ake. Anatenga mafuta a m'mafupa a mtsikanayo n'kuika mwa khandalo. Maselo atsopanowo anayamba kulimbana ndi thupi la mwanayo, ndipo panafunika kumuikanso kachiwiri. Mwanayo anachira, anakula, n'kudzabereka ana ake. Apa zinatsimikizika kuti chitetezo chingasamutsidwe kuchoka mwa munthu wina kupita mwa mnzake.

Kutchuka kunadza ndi minga yake. Mu 1973 a Good anakhala mkulu wa bungwe lofufuza za khansa la Sloan-Kettering ku New York. Chaka chotsatira, wofufuza wina amene iwo ankamuyang'anira, William Summerlin, anagwidwa atapaka inki yakuda pa mbewa zoyera kuti zioneke ngati zalandira khungu la mbewa zina. Chinyengocho sichinali chawo, koma chinadetsa mbiri yawo. Anapitiriza ntchito ku Oklahoma, ndipo kuyambira 1985 anatumikira pa chipatala cha ana cha All Children's ku St Petersburg, Florida.

M'zaka za m'ma 1990, ofufuza a ku Seattle ndi a pa chipatala cha St Jude ku Memphis anayamba kupatsa odwala oikidwa mafuta a m'mafupa maselo a T olimbana ndi mavairasi a CMV ndi EBV. A Good anali akadali moyo pamene izi zinkachitika. Anamwalira ndi khansa ya pakhosi pa 13 Juni 2003, ali ndi zaka 81.