Ibn Khaldun sankathamangira kufalitsa nkhani



Ramadhan yapitayi ndinachita chinthu chochititsa manyazi. Uthenga unafika pa foni yanga woti sheikh wina wa kwathu wamwalira. Sindinafunse aliyense, ndinangoutumiza m'magulu atatu a WhatsApp, n'kuwonjezera dua pansi pake. Madzulo ake ndinakumana nawo ku mzikiti ali bwinobwino, koma mwana wawo wamkazi anali atalira tsiku lonse ku sukulu. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuganizira za munthu mmodzi amene moyo wake wonse unali wofufuza ngati nkhani ndi yoona. Dzina lake ndi Abdurrahman Ibn Khaldun.

Iye anabadwira ku Tunis m'chaka cha 1332, m'mwezi wa Ramadhan. Analoweza Qur'an ali mwana, naphunzira Hadith, Fiqh ndi Chiarabu. Ali ndi zaka pafupifupi 17, mliri waukulu unafika mumzindawo n'kupha bambo ake, mayi ake ndi aphunzitsi ake ambiri. Atakula anayamba ntchito yolembera mafumu makalata. Ku Fez anakhala m'ndende pafupifupi zaka ziwiri atamuganizira kuti akuchita nawo chiwembu. Ku Granada anamutuma mu 1364 kukakambirana za mtendere ndi mfumu Pedro ya Castile mumzinda wa Seville, kwawo kwa makolo ake akale. Anaona maufumu akudzuka ndi kugwa ali mkati momwemo.

Atatopa ndi ndale, mu 1375 anakabisala ndi banja lake m'linga lotchedwa Qal'at Ibn Salama, m'dziko limene lero ndi Algeria. Kumeneko, mu 1377, analemba Muqaddimah m'miyezi isanu yokha. Bukuli ndi mawu oyamba a buku lake lalikulu la mbiri yakale, Kitab al-Ibar. Koma chimene chimandigwira mtima ndi zimene anachita pambuyo pake. M'lingamo munali bata, koma munalibe mabuku okwanira, ndipo zambiri ankalemba kuchokera m'mutu. Munthu wanzeru zakuya chonchija sanakhutire ndi mutu wake. Mu 1378 anasiya mtenderewo n'kubwerera ku Tunis, kumene kunali malaibulale ndi zikalata, kuti akaone ngati zimene analembazo zikugwirizana ndi zolembedwa. Kumeneko kunalinso anthu omuchitira nsanje, koma anapitabe.

Nanga nkhani ankaiyesa bwanji? Akatswiri a Hadith anali kale ndi luso lofufuza anthu amene anapatsirana nkhani, kuti aone ngati ndi okhulupirika. Ibn Khaldun ankalemekeza lusoli, koma pa nkhani za mbiri anaika funso lina patsogolo: kodi chinthuchi n'chotheka? Mwachitsanzo, al-Mas'udi analemba nthano yoti Alexander analowa m'bokosi la galasi n'kutsikira pansi pa nyanja kuti akajambule zilombo za m'madzi. Ibn Khaldun anaikana. Mfumu singaike moyo wake pangozi yotere, komanso munthu wotsekeredwa m'bokosi pansi pa madzi mpweya ungamuthere. Anafotokozanso chifukwa chimene mabodza amalowera m'mabuku: kukondera gulu lako, kukhulupirira kwambiri amene wakuuza, kufuna kusangalatsa akuluakulu, ndi kusadziwa mmene zinthu zimayendera pakati pa anthu. Nditawerenga zimenezi ndinadziona ndekha. Uthenga uja ndinaukhulupirira chifukwa unachokera kwa mnzanga, basi.

Mu 1382 anakwera chombo kupita ku Egypt. Ku Cairo anaphunzitsa pa al-Azhar, ndipo mu 1384 Sultan Barquq anamusankha kukhala kadhi wamkulu wa madhhab a Maliki. Udindowu ankamupatsa ndi kumulanda, mpaka anaugwira kasanu ndi kamodzi. M'chaka chomwecho cha 1384, chombo chimene chinanyamula banja lake kuchokera ku Tunis chinamira pafupi ndi Alexandria, mkazi wake ndi ena mwa ana ake n'kufera momwemo. Tangoganizani. Mu 1387 anapita ku Hajj, ndipo atabwerako anapitiriza kukonza buku lake.

Ku Cairo kunkadutsa anthu a Hajj ochokera kutali, ndipo iye ankawafunsa mafunso. Mu 1394 anakumana ndi Sheikh Uthman, katswiri wa Fiqh wa anthu a ku Ghana yakale, n'kumufunsa za mafumu a ku Mali. Zambiri zimene dziko likudziwa lero za mndandanda wa mafumu amenewo, kuphatikizapo Mansa Musa amene anapita ku Hajj mu 1324, zinasungidwa m'buku lake, ndipo ankatchula amene wamuuza. Anatumizanso bukuli ku laibulale ya Qarawiyyin ku Fez ngati waqf, kuti ophunzira aziliwerenga.

Ali ndi zaka pafupifupi 69, mu 1401, anapezeka ku Damascus pamene Timur anazinga mzindawo ndi asilikali ake. Nkhalambayo anaitsitsa pa khoma la mzinda ndi zingwe kuti ikakumane ndi Timur. Anacheza naye kwa milungu ingapo, ndipo Timur anamuuza kuti amulembere mmene dziko la Maghrib lilili. Mzindawo sunapulumuke, unafunkhidwa ndithu. Koma Ibn Khaldun anabwerako ataona munthuyo ndi maso ake, nalemba zimene anaonazo. Anamwalira ku Cairo mu 1406, m'mwezi wa Ramadhan ngati umene anabadwira. Allah amuchitire chifundo.

Sindikunena kuti sanalakwitsepo. Akatswiri a masiku ano amapeza malo m'buku lake pamene iyenso analandira nkhani osaiyesa mokwanira. Ngati iye, ndi khama lonselo, zina zinamupulumuka, kuli bwanji ine wotumiza uthenga chala chili pa foni ndisanamalize n'kuwerenga komwe?

Iye anayenda ulendo wautali kukafika ku Tunis kuti akatsimikize zimene analemba. Ine ndinkangofunika kuimba foni kamodzi. Sheikh aja ndinapita kukawapepesa kunyumba kwawo, ndipo anandikhululukira akuseka, koma mwana wawo sanaseke. Panopa uthenga ukafika ndimayamba ndadzifunsa mafunso atatu: wanena ndani, iyeyo anaona yekha kapena anangomva, nanga n'zotheka? Ndikalephera kuyankha, uthengawo umathera pa foni yanga. Yesani sabata ino, Insha Allah, mudzandiuze kuti mauthenga angati akhoza mayeso amenewa.