Dmitri Mendeleev

Dmitri Ivanovich Mendeleev (8 Febuluwale 1834 – 2 Febuluwale 1907) anali mphunzitsi komanso katswiri wa kemisitiri wa ku Russia. Amadziwika chifukwa cha tebulo la maelementi, lomwe m'sukulu limatchedwa periodic table, limene analisanja m'chaka cha 1869. Elementi ndi chinthu chopangidwa ndi maatomu a mtundu umodzi wokha, monga golide, kopa, ayironi ndi okosijeni. Mendeleev sanali woyamba kuyesa kusanja maelementi, koma iye anasiya mipata m'tebulo lake nkuneneratu kulemera ndi makhalidwe a maelementi amene panthawiyo palibe anali atawaona. Atatu mwa maelementi amenewa anapezeka iye akadali moyo.

Ubwana ndi maphunziro

Mendeleev anabadwira kufupi ndi tawuni ya Tobolsk, m'chigawo chozizira kwambiri cha Siberia. Anali chitsirizira m'banja la ana oposa 10. Bambo ake, Ivan Pavlovich Mendeleev, anali mkulu wa sukulu ya sekondale ku Tobolsk, koma anachita khungu ndipo ntchito inawathera. Mayi ake, Maria Dmitrievna, ndiwo anasenza banja lonse poyendetsa fakitale yopanga magalasi ya kwawo. Bambowo anamwalira mu 1847, ndipo chaka chotsatira fakitale ija inapsa.

Mu 1849 mayi ake anamutenga ulendo wa makilomita oposa 2,000 kupita ku Moscow kukamufunira malo ku yunivesite, koma anakanidwa. Anapitirira mpaka ku Saint Petersburg, kumene mu 1850 analandiridwa pa koleji yophunzitsa aphunzitsi, yomwenso bambo ake anaphunzirapo. Mayi ake anamwalira chaka chomwecho. Mendeleev anamaliza maphunzirowa mu 1855 ndipo anapatsidwa mendulo ya golide. Popeza ankadwaladwala chifuwa, anapita kukaphunzitsa kumwera kotentherako, ku Simferopol kenako ku Odessa. Atapeza bwino anabwerera ku Saint Petersburg mu 1856.

Kuyambira 1859 mpaka 1861 ankachita kafukufuku ku Heidelberg m'dziko la Germany. Mu Seputembala 1860 anakhala nawo pa msonkhano wa akatswiri a kemisitiri ku Karlsruhe. Nthawi imeneyo akatswiri sankagwirizana pa kulemera kwa maatomu: ena ankati okosijeni ndi 8, ena 16. Pamsonkhanowo Stanislao Cannizzaro wa ku Italy anafotokoza njira yomveka yowerengera kulemeraku. Manambala odalirika amenewa ndiwo anadzakhala maziko a ntchito ya Mendeleev.

Kusanja tebulo

Mu 1867 Mendeleev anakhala pulofesa wa kemisitiri pa Yunivesite ya Saint Petersburg. Ataona kuti palibe buku labwino la m'Chirasha lophunzitsira ophunzira oyamba kumene, anayamba kulemba lake, lotchedwa Osnovy khimii, kutanthauza maziko a kemisitiri. Apa anakumana ndi vuto la mphunzitsi aliyense: ayambire pati, ndipo chitsatane chiyani? Maelementi odziwika panthawiyo analipo 63, ndipo kuwaphunzitsa limodzilimodzi kukanangosanduka kuloweza pamtima.

Ena anali ataona kale zizindikiro za dongosolo. Mu 1829 Johann Döbereiner wa ku Germany anasonyeza kuti maelementi ena ofanana makhalidwe amayenda atatuatatu, ndipo kulemera kwa lapakati kumayandikira avereji ya awiri enawo. Mwachitsanzo, lithium amalemera 7 ndipo potaziyamu 39. Kuphatikiza 7 ndi 39 kumapereka 46, ndipo theka la 46 ndi 23, komwe ndi kulemera kwa sodiyamu. Mu 1865 John Newlands wa ku England anaona kuti makhalidwe amabwerezeka pa elementi yachisanu ndi chitatu iliyonse, koma anzake sanamulabadire.

Pa 1 Malichi 1869, malinga ndi kalendala ya masiku ano, Mendeleev anamaliza tebulo lake loyamba. Anandandalika maelementi kuyambira opepuka kufika olemera, nkuona kuti makhalidwe amabwerera pakapita kamtunda, monga mmene Lolemba limabwerera pakatha masiku 7. Pa kalendala, masiku onse a Lolemba amakhala mumzere umodzi. Chimodzimodzi, m'tebulo la masiku ano lithium, sodiyamu ndi potaziyamu, zitsulo zofewa zimene zimalimbana ndi madzi mwaukali, zili mumzere umodzi wotsika, pamene fluorine, klorini, bromine ndi ayodini zili mumzere wawo. Ntchitoyi inawerengedwa pamaso pa bungwe la akatswiri a kemisitiri a ku Russia mwezi womwewo ndi mnzake Nikolai Menshutkin, mwini wake ali ku ulendo woyendera malo opangira tchizi.

Pamene manambala ankasemphana ndi makhalidwe, Mendeleev ankatsata makhalidwe. Tellurium amalemera pang'ono kuposa ayodini, choncho akanayenera kubwera pambuyo pake, koma iye anamuika patsogolo kuti ayodini akhale pamodzi ndi klorini ndi bromine. Ananenanso kuti kulemera kwa maelementi ena kunayezedwa molakwika: uranium anamusintha kuchoka pa 120 kufika pa 240, ndipo zoyeza za pambuyo pake zinasonyeza kuti sanaphonye kwenikweni.

Mipata itatu

Mu 1871 Mendeleev anafalitsa tsatanetsatane wa maelementi atatu osadziwika, omwe anawatcha eka-aluminium, eka-boron ndi eka-silicon. Liwu lakuti eka analitenga ku chilankhulo cha Sanskrit ndipo limatanthauza chimodzi, kusonyeza kuti elementiyo ili malo amodzi kupitirira inzake yodziwika m'gulu lomwelo. Masamu ake sanali ovuta: ankayang'ana maelementi ozungulira mpatawo nkutenga avereji. Pamwamba pa mpata wa eka-silicon panali silikoni wolemera 28, pansi pake panali tini wolemera 118. Avereji ya manambala awiriwa ndi 73. Ataganiziranso maelementi a m'mbali, anakhazikika pa 72.

Uku kunali kuika mbiri yake pachiswe, chifukwa maelementiwo akanapanda kupezeka, kapena akanapezeka osiyana ndi zimene ananena, tebulo lonse likanakayikiridwa. Mu 1875 Paul-Émile Lecoq de Boisbaudran wa ku France anapeza chitsulo chatsopano nkuchitcha gallium. Mendeleev anali atanena kuti eka-aluminium adzalemera pafupifupi 68, ndipo gallium amalemera 69.7. Mfalansayo atayeza, anapeza kuti kachidutswa ka sentimita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu kamalemera magalamu 4.7. Mendeleev, yemwe anali asanachigwirepo chitsulocho, analemba kuti nambalayo iyenera kukhala pafupifupi 5.9. Chitsulocho chitayengedwa bwino nkuyezedwanso, chinapezeka pa 5.9.

Mu 1879 Lars Fredrik Nilson wa ku Sweden anapeza scandium, wolemera 45, pamalo pa eka-boron yemwe Mendeleev anamuyerekeza pa 44. Mu 1886 Clemens Winkler wa ku Germany anapeza germanium, wolemera 72.6, yemwe ndi eka-silicon uja. Pofika apa okayika anali atachepa. Mu 1882 bungwe la Royal Society la ku London linapereka mendulo ya Davy kwa Mendeleev pamodzi ndi Lothar Meyer wa ku Germany, yemwe payekha anafikanso pa dongosolo lofanana nalo.

Sikuti zonse ankalondola. Ananeneratu za maelementi ena opepuka kuposa haidrojeni, omwe kulibe. Argon atapezeka mu 1894, poyamba anakayika kuti ndi elementi chifukwa analibe malo m'tebulo, mpaka pamene mipweya ya mtundu umenewu inapatsidwa gulu lakelake.

Ntchito zina ndi imfa yake

Mendeleev ankafuna kuti sayansi izithandiza anthu pantchito zawo. Mu 1865 anagula munda ku Boblovo, kufupi ndi Klin, komwe ankayesa feteleza wosiyanasiyana ndi kuyerekeza zokolola. Anafufuzanso za mafuta a pansi pa nthaka ku Baku, ndipo mu 1876 anakaona zitsime za mafuta ku Pennsylvania m'dziko la America. Mu 1887 anakwera yekha m'chibaluni kuti akaone kadamsana ali pamwamba pa mitambo.

Mu 1890 anasiya ntchito pa yunivesite, nduna ya zamaphunziro itakana kulandira madandaulo a ophunzira omwe iye anawanyamula. Kuyambira 1893 anatsogolera ofesi ya boma yoona za miyezo ndi masikelo, ndipo anathandiza kuti mita ndi kilogalamu ziyambe kuloledwa ku Russia. Anakwatira kawiri: Feozva Leshcheva mu 1862 ndi Anna Popova mu 1882. Ngakhale dzina lake linaperekedwa kangapo, mphoto ya Nobel sanalandire. Anamwalira ku Saint Petersburg patatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 73, ndipo pamaliro ake ophunzira ananyamula tebulo la maelementi.

Tebuloli masiku ano

Mu 1913 Henry Moseley wa ku England anasonyeza kuti chimene chimapatsa elementi malo ake ndi nambala ya atomu, yomwe lero timadziwa kuti ndi chiwerengero cha mapulotoni. Tellurium ali ndi mapulotoni 52 ndipo ayodini 53, kotero malo amene Mendeleev anawapatsa anali olondola. Lero tebuloli lili ndi maelementi 118. Elementi ya nambala 101, yomwe inapangidwa ku Berkeley mu 1955, inatchedwa mendelevium pomukumbukira. Bungwe la United Nations linasankha 2019 kukhala chaka chokumbukira tebuloli, litakwanitsa zaka 150.

Ku Malawi ophunzira amakumana ndi tebuloli m'phunziro la kemisitiri ku sekondale, koma zizindikiro zake zimaonekanso kumunda. Zilembo N, P ndi K za pa matumba a feteleza, kaya ndi wothira m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje kapena m'chimanga, zimaimira naitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu. Naitrojeni ndi fosiforasi ali m'gulu limodzi, la nambala 15, pamene potaziyamu ali m'gulu loyamba, pansi pa sodiyamu. Tiyi amafuna naitrojeni wambiri chifukwa chimene amathyola ndi masamba anthete, ndipo kuthyola kulikonse kumachotsa chakudyachi m'munda. Tiyi amakondanso nthaka ya asidi ndipo amasunga aluminiyamu wambiri m'masamba ake okhwima. Aluminiyamu ameneyu ndiye ali pamwamba penipeni pa mpata umene gallium anadzaudzaza.

Kulemera kwa maatomu kumathandizanso kudziwa chimene mlimi wagula. Molekyu imodzi ya urea ili ndi atomu imodzi ya kaboni yolemera 12, imodzi ya okosijeni yolemera 16, awiri a naitrojeni olemera 14 iliyonse, ndi anayi a haidrojeni olemera 1 iliyonse. Zonse pamodzi ndi 60, ndipo gawo la naitrojeni ndi 28. Kugawa 28 ndi 60 kumapereka 46 pa 100 aliwonse ndi kakusefukira pang'ono, nchifukwa chake pa thumba la urea pamalembedwa 46. Choncho m'thumba la makilogalamu 50 muli naitrojeni wokwana makilogalamu 23.