Daniel Shays ndi Alimi a ku Massachusetts

Daniel Shays anabadwa m'chaka cha 1747 ku Massachusetts, m'dziko la America. Makolo ake anali osauka, choncho iye anakula akulima m'minda ya eni.

Nkhondo yomenyera ufulu kwa Angerezi itabuka mu 1775, Shays analowa usilikali. Anamenya nkhondo molimba mtima mpaka anakhala kaputeni, ndipo mkulu wa asilikali, Lafayette, anamupatsa lupanga la ulemu. Koma Shays anabwerera kwawo mu 1780 asanalandire malipiro ake onse. Lupanga lija analigulitsa chifukwa cha umphawi.

Nkhondo itatha, boma la Massachusetts linakweza msonkho kuti libweze ngongole zake. Alimi ambiri analibe ndalama. Makhoti anawalanda minda ndi ziweto, ndipo ena anaponyedwa m'ndende. Anadandaula ku boma, koma palibe anawamvera. Motero mu 1786 alimi anasonkhana natseka makhoti kuti milandu ya ngongole isazengedwe. Shays anali mmodzi wa atsogoleri awo.

Apa ndi pamene kufooka kwa boma lalikulu kunaonekera poyera. Dzikolo linali ndi zigawo 13, chilichonse ndi boma lakelake. Boma lalikulu linalibe mphamvu zokhometsa msonkho. Linkangopempha ndalama ku zigawo, ndipo zigawozo zinkakana kawirikawiri. Choncho linalephera kutumiza asilikali okwanira. Amalonda olemera a ku Boston ndiwo anasonkha ndalama zolipira gulu la nkhondo.

Pa 25 Januwale 1787, Shays ndi anthu oposa 1,000 anayesa kulanda nyumba yosungiramo zida ku Springfield. Alonda anaomba mizinga, alimi anayi anafa, ndipo otsala anabalalika. Pambuyo pake Shays anathawira ku Vermont.

Alimi anagonja, koma atsogoleri a dziko anachita mantha. Anaona kuti boma lopanda chuma silingateteze anthu kapena kuthetsa mavuto awo. Mu Meyi chaka chomwecho anakumana ku Philadelphia nalemba malamulo atsopano, amene anapatsa boma lalikulu mphamvu zokhometsa msonkho ndi kusunga asilikali. Malamulowo akugwirabe ntchito mpaka lero.

Shays anakhululukidwa mu 1788. Anamwalira ali wosauka mu 1825 ku Sparta, m'chigawo cha New York.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani Shays anagulitsa lupanga lake?
2. Kodi alimi anatsekeranji makhoti?
3. Boma lalikulu linkasowa mphamvu yotani?