Alick Nkhata, Mkhalakale pa Wailesi

Ambiri kwathu ku Soche amayesa kuti wailesi idayamba ndi MBC mu 1964. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti Chinyanja chidayamba kumveka pa wailesi kuchokera ku Lusaka, ndipo mmodzi mwa omwe adachikweza ndi Alick Nkhata.

Nkhata adabadwira ku Kasama mu 1922. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adali msilikali ku Burma. Atabwerako adathandiza Hugh Tracey kujambula nyimbo za makolo, kenaka adalowa ntchito ku Central African Broadcasting Station, nyumba youlutsira mawu yomwe inkamveka mpaka kuno ku Nyasaland. Kuyambira 1949 anthu wamba ankaimvera pa Saucepan Special, kawailesi kooneka ngati sefuliya, ka mapaundi 5.

Nkhata ankaulutsa mawu komanso kuimba ndi gitala m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Kwa ine, ntchito yake yaikulu idali yoti munthu wakumudzi amve chiyankhulo chake m'chida chomwe chinkaoneka chachizungu.

Adaphedwa mu 1978 ku Mkushi, asilikali a Rhodesia ataukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe. Lero ku Lusaka kuli msewu wa dzina lake.