Papa Yohane XXIII Woyera: M'busa amene sanaope kucheza ndi a mbali ina

Pa 11 Okutobala chaka chilichonse Eklezia imakumbukira Papa Yohane XXIII Woyera. Ambiri timawadziwa ngati Papa amene anaitanitsa Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, umene unatsegula njira yoti lero tizichita Misa m'chinenero chathu. Koma pali mbali ina ya moyo wawo yofunika kuiganizira: momwe ankakhalira ndi anthu osiyana nawo maganizo, makamaka pa ndale.

Dzina lawo lobadwa nalo linali Angelo Giuseppe Roncalli. Anabadwa pa 25 Novembala 1881 m'mudzi wa Sotto il Monte, pafupi ndi mzinda wa Bergamo ku Italy, m'banja la alimi osauka amene ankalima munda wa eni n'kumagawana nawo zokolola. Anadzozedwa unsembe mu 1904, kenako anakhala mlembi wa episkopi wa ku Bergamo, Ambuye Giacomo Radini-Tedeschi. Mu 1909 ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ku Ranica ananyanyala ntchito, ndipo episkopiyu anasonkha nawo ndalama zothandizira mabanja awo. Akatolika ena anadandaula kuti episkopi walowerera ndale. Bambo Roncalli anaima kumbuyo kwa episkopi wawo. Anaona akadali wansembe wachinyamata kuti wochita chilungamo amatha kupakidwa dzina la chipani chimene sali.

Kuyambira 1925 anatumizidwa kukaimira Papa ku Bulgaria, kenako ku Turkey ndi Greece. Kwa zaka pafupifupi 20 anakhala pakati pa Akhristu a mpingo wa Orthodox ndi Asilamu, kumene Akatolika anali ochepa kwambiri ndipo ankakayikiridwa. Kumeneko anazolowera kuyamba ndi ulemu ndi kumvetsera, mtsutso pambuyo.

Kumapeto kwa 1944 anawatumiza ku Paris ngati kazembe wa Papa. Dziko la France linali logawikana koopsa: ena anagwirizana ndi boma la Vichy limene linkamvera Ajeremani, ena analimbana nalo. Boma latsopano la Charles de Gaulle linkafuna kuti maepiskopi ambiri achotsedwe powaganizira kuti anali mbali ya Vichy. Ambuye Roncalli sanakane mwaukali, komanso sanavomere mwachimbulimbuli. Anapempha umboni pa dzina lililonse, anakambirana ndi boma kwa miyezi, ndipo pomaliza ndi ochepa okha amene anachoka pa mipando yawo. Atasankhidwa kukhala kadinala mu 1953, amene anawaveka chipewa chofiira, potsata mwambo wakale wa dzikolo, anali Pulezidenti Vincent Auriol, wa chipani cha Socialist, munthu wosapemphera koma bwenzi lawo.

Chaka chomwecho anakhala m'busa wa Akatolika a ku Venice. Mu 1957 chipani cha Socialist cha ku Italy, chimene Akatolika ambiri ankachiona ngati mdani wa Eklezia, chinachititsa msonkhano wake waukulu mumzindawo. Kadinala Roncalli analemba uthenga wolandira nthumwi za msonkhanowo ngati alendo a mzinda. Akuluakulu ena a Eklezia sizinawasangalatse.

Anasankhidwa kukhala Papa pa 28 Okutobala 1958 ali ndi zaka 76. Nthawi imeneyo dziko lonse linali litagawikana pawiri, mbali ya America ndi mbali ya Soviet Union. Maboma achikomyunizimu ankatseka matchalitchi ndi kutsekera ansembe m'ndende. Papa Yohane sanagwirizanepo ndi chiphunzitso chawo chokana Mulungu, ndipo mu 1959 anavomereza chikalata chobwereza kuletsa Akatolika kuthandiza chikomyunizimu pa chisankho. Komabe sanatseke khomo la zokambirana.

Mu Okutobala 1962, patangopita masiku ochepa Msonkhano wa ku Vatican utatsegulidwa, America ndi Soviet Union zinatsala pang'ono kumenyana ndi zida za nyukiliya pa nkhani ya mizinga imene inaikidwa ku Cuba. Pa 25 Okutobala Papa analankhula pa wailesi, kuchonderera atsogoleri onse kuti asasiye kukambirana. Sanaloze chala mbali iliyonse, n'chifukwa chake mawu awo anamveka ku Washington ndi ku Moscow komwe. Kumayambiriro kwa 1963 mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, anamasula Ambuye Josyf Slipyj, mtsogoleri wa Akatolika a ku Ukraine, amene anali atakhala m'ndende zaka 18.

Pa 7 Malichi 1963 Papa analandira ku Vatican mkamwini wa Khrushchev, Alexei Adzhubei, mkonzi wa nyuzipepala ya boma ya Izvestia, pamodzi ndi mkazi wake Rada. Anawafunsa maina a ana awo, anasangalala kumva kuti mmodzi ndi Ivan, limene ndi dzina lomwelo la Yohane, ndipo mayiyo anamupatsa kolona. Pa Lachinayi Loyera, 11 Epulo, anatulutsa kalata yotchedwa Pacem in Terris, kutanthauza mtendere pa dziko lapansi. Sanailembere Akatolika okha ayi, koma anthu onse a mtima wabwino. M'kalatamo anaphunzitsa kuti tizisiyanitsa maganizo olakwa ndi munthu amene ali nawo, pakuti munthuyo sataya ulemerero wake; komanso kuti gulu limene linayamba ndi chiphunzitso cholakwa likhoza kusintha, ndipo likhoza kukhala ndi zina zabwino zoyenera kuvomereza.

Mtengo wake unali wowawa. Pa chisankho cha ku Italy cha kumapeto kwa Epulo, chipani cha chikomyunizimu chinaonjezera mavoti pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ena, m'nyuzipepala ndi mu Eklezia momwe, anati Papa ndiye wachititsa. Apa n'kuti iwo akuvutika ndi khansa ya m'mimba. Sanabweze zimene anachita, ndipo anamwalira pa 3 Juni 1963. Papa Francis anawalengeza kukhala woyera pa 27 Epulo 2014.

Taonani kuti zonyoza zambiri sizinachokere kwa adani, koma kwa abale a m'nyumba momwemo. Ifenso timazidziwa: kungopereka moni kwa wovala nsalu ya chipani china, anzathu amayamba kutikayikira. Papa Yohane sanasiye zimene ankakhulupirira kuti akondweretse wina, koma sanalolenso kuti mtsutso umubisire nkhope ya munthu amene ali patsogolo pake. M'mphakati mwathu, m'kwaya ndi pa magulu athu a WhatsApp muli anthu ovotera zipani zosiyana, ndipo tonse timalandira Ukaristia umodzi. Sabata ino tiyeni tiyese kumvetsera mmodzi wa iwo mpaka amalize kulankhula, tisanamuyankhe.

Papa Yohane XXIII Woyera, mutipempherere.