Jan Hus Pamaso pa Oweruza

Jan Hus anabadwira m'mudzi wa Husinec, m'dziko la Bohemia. Kuyambira chaka cha 1402 analalikira m'tchalitchi cha Bethlehem mumzinda wa Prague, m'chinenero cha anthu wamba, naphunzitsa kuti Khristu ndiye Mutu wa Mpingo. Mu 1412 anatsutsa poyera malonda a zikalata za chikhululukiro cha machimo.

M'chaka cha 1414 anapita ku msonkhano waukulu wa atsogoleri a mpingo ku Constance. Mfumu Sigismund inamulonjeza chitetezo, koma patangopita masabata owerengeka anaponyedwa m'ndende, kumene anadwala kwambiri.

Tisaganize kuti Hus sanadziwe mantha. Tikawerenga makalata ake a m'ndende, tipeza munthu woopa kugwa, wopempha abale kuti amupempherere. Oweruza anafuna kuti alumbire kukana ziphunzitso, zina mwa izo zimene iye sanaphunzitsepo. Akanatero akanapulumutsa moyo wake. Koma kwa iye, kulumbira bodza pamaso pa Mulungu Woyera kunali koopsa kuposa moto (onani Mateyu 10:28).

Pa 6 Julaye 1415 anamutentha akuyimba nyimbo yopempha chifundo kwa Khristu. Phulusa lake analitaya mumtsinje wa Rhine.