Alec Guinness, wamasewero amene anavala mkanjo wa ansembe asanalowe mpingo

Ambiri a ife kuno ku Lundazi sewero timaliona pa Khrisimasi ndi pa Lacisanu Loyera, pamene acinyamata a m'parishi amadzikulunga zitenje za amai awo nkusanduka Herode kapena Pilato. Koma ku Mangalande sewero ndi nchito yodyerapo, monga ulimi wa fodya ndi thonje kwa ife. Mmodzi mwa akatswiri a nchitoyi anali a Alec Guinness.

Iwo anabadwira ku London pa 2 Epulo 1914. Pa cikalata cawo cobadwira, polemba dzina la atate panasiyidwa popanda kanthu, ndipo anakula osawadziwa atate awo. Atatsiriza sukulu anagwirako nchito yolemba zotsatsa malonda, koma mtima unali ku masewero. Mu 1934 katswiri wina, John Gielgud, anawapatsa kambali kakang'ono m'sewero la Hamlet, ndipo ndi pomwe njira inatsegukira. Anakwatira Merula Salaman mu 1938, mwana wawo Matthew nabadwa mu 1940. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anali msilikali wa pamadzi, ndipo mu 1943 anayendetsa bwato lotsitsa asilikali pa cisumbu ca Sicily.

Nkhondo itatha analowa m'mafilimu. Luso lawo linali lodzibisa. Mu filimu ya Kind Hearts and Coronets ya mu 1949 anasewera anthu asanu ndi atatu a banja limodzi, mmodzi mwa iwo mzimai, onse yekha.

Nkhani imene yatikopa ife inacitika pojambula filimu ya Father Brown, imene inatuluka mu 1954. A Guinness anali kusewera wansembe, pomwe iwo eni sanali Mkatolika ndipo ansembe sanali kuwakhulupirira kwenikweni. Tsiku lina madzulo, pa kamudzi kena ku France, anali kubwerera kogona atavalabe mkanjo. Kamnyamata kena kanawathamangira, kanawagwira dzanja nkumayenda nawo kakubwebweta m'Cifalansa. Iwo anangokhala cete kuopa kukadzidzimutsa. Ife tidziwa mmene ana amathamangira wansembe akafika ku nthambi za Lumezi kapena Kanyanga, ndiye kwa ife sicacilendo. Kwa iwo cinali cacilendo ndithu. Anayamba kudzifunsa kuti ndi mpingo wotani umene mwana angakhulupirire wansembe wake asanamuonepo.

Panalinso cina colemera kuposa ici. Matthew, ali ndi zaka 11, anadwala poliyo, matenda aja opuwalitsa miyendo amene akuluakulu akali kuwakumbukira, katemera wodonthezera m'kamwa asanafale. Atate ake anayamba kupatukira m'kachalichi ka Akatolika pobwerera ku nyumba. M'menemo analonjeza Mulungu kuti mwanayo akacira, ndipo tsiku lina akafuna kukhala Mkatolika, iwo sadzamuletsa. Pa katekisimu sitiphunzitsa kucita malonda ndi Mulungu, ndipo a Guinness sanalonjeze n'komwe kutembenuka iwo eni. Analonjeza cabe kusatseka njira ya mwana. Matthew anacira, anaphunzira kwa Ajezuwiti, nalowa mpingo ali ndi zaka 15. Atate ake sanathamange. Anayamba akakhala masiku ku nyumba ya amonke ya Mount St Bernard, ndipo analandiridwa mu Mpingo wa Katolika pa 24 Malichi 1956. Akazi awo anatsatira mu 1957, amuna awo ali kutali ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka.

Filimu imene anali kujambula kumeneko, The Bridge on the River Kwai, ndiyo inawapatsa mphotho ya Oscar. Anasewera mkulu wa asilikali wogwidwa ukaidi ndi Ajapani, amene kunyada kunamucititsa kumangira adani ake mlatho wolimba. Mu 1959 Mfumukazi Elizabeth inawapatsa ulemu wochedwa Sir. Mu 1972 anasewera Papa Innocent III mu Brother Sun, Sister Moon, filimu ya moyo wa Fransisko Woyera wa ku Assisi.

Ndalama zambiri zinabwera atakula, ndi filimu ya Star Wars ya mu 1977, cifukwa anapangana kuti azilandirako gawo la phindu. Komabe kuchuka kumeneko sikunawakondweretse. Zinawawawa kuti munthu amene anatha zaka zoposa 40 pa masewero a Shakespeare ndi ena otero adziwike ndi nkhalamba Obi-Wan Kenobi yokha, mwakuti makalata a okonda filimuyo ambiri anali kuwataya osawerenga.

Anamwalira ndi khansa ya m'ciwindi pa 5 Ogasiti 2000 ku Midhurst, ali ndi zaka 86. Amai Merula anawatsatira patangopita miyezi iwiri, ndipo onse awiri anaikidwa ku Petersfield.